Kapaipi ka kuseri kwa injini

Galimoto ya alamu anga ndi Toyota Land Cruiser ya gulu lija amati 80 Series, limene linapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1997. Ambiri amene ali nazo kuno ali ndi za dizilo. Ya alamu ndi ya petulo, injini ya masilinda 6, malita 4.5, yotchedwa 1FZ-FE. Anaigula kwa mzungu wina amene ankalongedza zobwerera kwawo, ndipo chiyambire pamenepo, kukagwa maliro, kukakhala chinkhoswe, kapena chimanga chikafunika kuchoka kumudzi, foni yoyamba kulira pabanja pathu imakhala ya alamu. Ulendo uno unali wa chiliza. Tinapita kukamanga cha agogo kumudzi wina kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama, m'mwezi wa July, nyengo ija fumbi ndi chisanu zimayendera limodzi.

Pobwerera tinalawira mbandakucha. Msewu wa kumeneko uli ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu a njinga za makala. Amatuluka m'nkhalango usiku, matumba atawasanja mpaka kupitirira mutu, ena akupalasa, ambiri akungokankha, onse maso ali ku Lilongwe. Dzalanyama inaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922, ili m'malire ndi Mozambique, ndipo ndi kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Madzi amene amatuluka pampopi ku Area 47 kapena ku Kawale amachokera m'mapiri amenewa, n'kuyamba adikira m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lake lomangidwa mu 1966. Mu 2015 boma linafika potumizako asilikali kuti ateteze mitengo. Njinga zija sizinasiye kuyenda, chifukwa mbaula za m'tauni sizinasiye kuyaka.

Chizindikiro choyamba sichinaoneke pa geji. Kunja kunkazizira, alamu anali atayatsa hita, mapazi athu atayamba kumva bwino. Kenako mpweya wa kumapazi uja unangozizira wokha. Alamu anaika dzanja, n'kuyang'ana geji, muvi uli pakati ngati palibe nkhani, koma anaimabe pambali. "Hita ikazizira yokha injini ili yotentha, ndiye kuti madzi achepa, sakufikanso kumeneko," anatero. "Geji imachedwa kunena." Titatsika tinamva kafungo kotsekemera ka madzi a injini otentha. Tinatsegula boneti. Redieta inali youma kunja, mapaipi akuluakulu awiri aja ali bwinobwino, pampu yosadontha. Koma pansi, kuseri kwa tayala lakutsogolo lakumanzere, fumbi linkanyowa dontho ndi dontho.

Bambo wina wa makala anatsamiritsa njinga yake pamtengo n'kubwera kudzasuzumira nafe. Atamva kuti ndi paipi, anamasula legeni imodzi pa katundu wake. "Mangani ndi iyi, bwana, mukafika nayo mpaka ku Salima." Sankanama ayi, legeni yafikitsa magalimoto ambiri kwawo m'dziko muno. Koma imamanga pamene dzanja lafika, ndipo ife bala lenilenilo sitinkaliona n'komwe. Tinadikira kuti injini izizire, chifukwa chotsekera redieta ukachitsegula madzi akubwata umasupuka nkhope. Pagolosale ina tinagula zigubu, amayi a pamjigo n'kutilola kudumpha mzere. Alamu anadzaza redieta koma chotsekera chija sanachimange mpaka kumapeto, anangochikoletsa, kuti madzi asamapanikizike n'kumathamangira pobooka paja. Nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake. Madzi osapanikizika amawira msanga, ndipo kuno kumtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, amawira asanafike n'komwe pa madigiri 100. Ndiye mayendedwe ake anali a pang'onopang'ono: kuima, kudikira, kuthira, kunyamukanso.

Ukamayenda chonchi umaona zimene masiku ena umangozidutsa, zigafa za fodya zopanda kanthu, ng'ombe zikudya mapesi m'minda ya eni. Chakufupi ndi Malingunde tinakumana ndi zilombo za gule wamkulu zikuchokera kudambwe, ana akumwazikira m'tchire. Alamu anatsitsa galasi, kuponya kandalama pansi, n'kudutsa mwaulemu. Titagwira tala mtima unakhala pansi pang'ono. Ku Likuni, kumene kuli mishoni ya Akatolika ndi chipatala, kumenenso kunachokera dzina la phala la ana lija, tinadzazanso zigubu. Ku Chinsapo ndiye kunali thukuta, pakuti mumpanipani wa maminibasi ndi akabaza galimoto imangokwawa, mphepo siiomba redieta, ndipo muvi wa geji unayamba kusendera kofiira. Alamu ankazimitsa injini paliponse pamene mzere waima. Dzuwa linali paliwombo pamene tinkatsetsereka ku Area 3 kulunjika pamlatho.

Mtsinje wa Lilongwe umagawa tauni yakale pawiri. Kumbuyo tinasiya Area 3 ndi mithunzi yake ndi nyumba za nthawi ya atsamunda. Kutsidya ndi Area 2, kumene kuli depoti ya mabasi, msika waukulu, mzikiti, Bwalo la Njobvu ndi msewu wa Malangalanga. M'mbali mwa mtsinje muli misika ya Tsoka ndi Lizulu, ndi timilatho tamitengo timene wowoloka amalipira. Mzinda uno unakhala likulu mu 1975, boma litasamuka ku Zomba, ndipo amene anajambula mzinda watsopano anaika Capital Hill, City Centre ndi malo a mabwana monga Area 10, 12 ndi 43 kutali chakumpoto, kwa bata, kwa mipanda ndi maluwa. Malonda enieni anatsala kuno. Masitolo a amwenye analipo likulu lisanabwere, ndipo ena anadzawonjezekera m'zaka za m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu linawaletsa kuchita malonda kumidzi n'kuwalozera m'mizinda. Land Cruiser yatsopano imayambira moyo wake kumtunda kuja, pa Capital Hill kapena mumpanda wa bungwe lina, ikukonzedwa ndi anthu a maovolosi oyera ndi kompyuta. Ikakalamba imatsetsereka, kuwoloka mtsinje, n'kudzagwa m'manja mwa amisiri a ku Area 2 ndi ku Biwi. Zaka zake zambiri imathera kunoko.

Tisanaime n'komwe anyamata anali atafika kale pawindo. "Bigi, chavuta n'chiyani? Sipeya aliyense tili naye." Wina atangoona zigubu kumbuyo anagamuliratu mlandu kuti gasiketi yapita. Mnzake anati ndi pampu. Madobadoba amenewa ntchito yawo ndi kukuperekeza kusitolo imene ukanafika wekha, mtengo n'kumakwera panjira. Alamu anangowakwezera dzanja n'kukhotera m'kanjira ka kuseri kwa masitolo, kumene kuli bwalo la dothi lakuda ndi oyilo, mpanda wa malata, ndi zigoba za magalimoto zitakhala pamiyala. Eni malowo ndi bambo a imvi, aafupi, amene aliyense amangowatchula kuti madala. Sanatsegule boneti. Anagwada, kuyang'ana pamene pankadontha, n'kufunsa funso limodzi.

"Ndi ya petulo?"

"Eya, madala."

"Ndiye ndakadziwa." Anaseka chapansipansi. "Iwe, bweretsa jeke. Chotsa tayala ili."

Mnyamata wawo, sipanala boyi wa zaka zosakwana 20, anakweza galimoto, kulowetsa chitsa ndi limu yakale pansi pa chasisi, kuchotsa tayala ndi labala yotchinga matope. Madala anandikodola kuti ndidzaone ndekha. Ndinalowetsa mutu m'malo mwa tayala muja, tochi ya foni ili m'manja. Poyamba ndinangoona mdima ndi zitsulo zokutidwa ndi matope ouma. "Pamwamba pa sitata, bwana. Kwezani maso. Pansi pa manifodi." Ndiye ndinakaona. Kapaipi ka labala, kutalika kwake ngati chala chamkombaphala, kotupa pakati, kokhala ndi nkhanambo ya dzimbiri kumapeto konse. Mbali imodzi kanavala kamlomo kachitsulo kotuluka pa hedi, kumbuyo kwenikweni kwa injini. Mbali inayo kanalumikiza paipi yachitsulo imene imakwera mpaka pa valavu ya hita, pakhoma lolekanitsa injini ndi okwera. Mkati mwake ndi mamilimita 16 basi. Ndinayesa kukakhudza, koma dzanja litangolowa linatseka pamene ndinkaonera. Pamalo amenewa umasankha chimodzi, kuona kapena kugwira.

Ku fakitale kapaipi kameneka kamavekedwa injini ili poyera, isanalowe m'galimoto, munthu ataimirira bwinobwino. Kenako thupi la galimoto limadzakaphimba, ndipo kamakhala momwemo zaka 30 kakuphikidwa ndi kutentha, oyilo akukadonthera, popanda wokayang'ana. Mapaipi akuluakulu a kutsogolo amasinthidwa chifukwa amaoneka. Ambiri amaganiza kuti poti hita sayatsa kawirikawiri, mapaipi ake ali patchuthi. Ayi ndithu. Madzi amayamba adutsa m'kapaipika asanafike pa valavu, choncho kamasenza mphamvu yonse ya madzi otentha nthawi iliyonse injini ikulira, hita yoyatsa kapena yozimitsa. Kakaphulika uli pa liwiro, madzi onse, malita oposa 10, amatha m'mphindi zochepa. Injini imeneyi thunthu lake ndi lachitsulo koma hedi ndi ya aluminiyamu, imene ikapsa imapindika. Eni magalimoto amenewa ku America amakadziwa bwino kapaipika, moti ambiri amakasintha kasanabooke. Ife timadikira kuti kalankhule kokha. Pamwamba pa apo timawonjezerapo chathu: madzi a pampopi ndi a pamjigo m'malo mwa kulanti, dzimbiri n'kumadya zitsulo mkati popanda wodziwa.

"Bwanji tingoitseka hitayo, madala?" anafunsa alamu. "Kuno si ku Ulaya." Anali ataiwala kale mapazi awo a m'mawa uja.

"Potseka pake ndi pomwepo, bwana. Dzanja lilowabe. Ndiye ndivutike chimodzimodzi kuti ndikuchotsereni chinthu? Mukamadzakwera ku Dedza kuli nkhungu, kapena mvula ya January galasi litachita nthunzi, mudzapukuta ndi chipewa?"

Anafotokoza njira ziwiri. Ina ndi kuika kachidutswa katsopano pomwe panali kakale, paipi yachitsulo ija n'kukhalabe. Imeneyo imafuna kumasula mabawuti ogwira paipiyo, ndipo lina mwa iwo limabisala kuseri kwa injini, kumene sipanala imangotembenuka pang'ono pokha. Inayo ndi kuiwala za paipi yachitsuloyo, kugula hozi yaitali, kuiyambira pa hedi mpaka pa valavu. Anapala paipi ija chakufupi ndi pothera ndi sikuludiraiva, tizibenthu tofiira n'kuwagwera kumaso. "Iyi yatha. Ndikaika hozi yatsopano pa chitsulo chodyeka, mubweranso mwezi wamawa kudzanditukwana." Tinasankha ya hozi yaitali.

Anandituma ku Malangalanga limodzi ndi mnyamata uja. Kuyenda ndi sipanala boyi m'masitolo a masipeya ndi sukulu payokha. Sitolo ina anatipatsa hozi yonyezimira, yooneka bwino. Mnyamatayo anaipinda, inafinyika n'kutseka pakati, anaibweza osanena kanthu. Ina anaikana kuti ndi ya mafuta, si ya madzi otentha. Amayang'ana podulidwa: ngati mkati mwa labala mulibe ulusi, imeneyo ndi yothirira dimba. Katundu wa m'masitolo amenewa amachokera ku Dubai, ku Johannesburg, ku China, wina kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo yense amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ululu wake umamvekabe pa kauntala. M'sitolo imene tinapeza hozi yoyenera munalibe mtengo wolembedwa pa chilichonse, mwini wake anayamba wayang'ana pafoni asanatiuze. Tinatenga mita imodzi, makilampu a chitsulo chosachita dzimbiri, ndi kulanti wofiira. Timakilampu totchipa mnyamatayo anatikana, akuti m'mphepete mwake n'mwakuthwa, timadula labala. Pobwerera tinaima pachiwaya. Anandiuza kuti sukulu anasiyira Fomu 2, kuti sipanala amaidziwa ndi maso osawerenga nambala, ndi kuti akufuna kudzalemba mayeso a ntchito zamanja kuti naye akhale ndi pepala.

Madala anayamba ndi kuchotsa waya wa batire, chifukwa chingwe chachikulu cha sitata chimakhala ndi moto nthawi zonse, ndipo sipanala ikachikhudza pamathetheka. Kenako anagona pa katoni, phewa kulowa m'malo mwa tayala, dzanja mpaka m'chigongono mumdima muja. Kilampu yakale ya ku fakitale inayang'ana kumene chida sichifika, ndiye anaipotokola ndi pulayala yaitali mpaka inaduka. Labala inali itamatirira pachitsulo, yosatembenuka n'komwe. Anatenga lumo, kulimangirira kunsonga ya waya wokhuthala, n'kumacheka m'litali pang'onopang'ono, osazamitsa, chifukwa kamlomo ka pa hedi kakachekeka kadzadontha mpaka kale. "Pali kawaya ka sensa apa," anatero osatiyang'ana. "Kauma ndi zaka. Ukangokakola ndi dzanja, yabadwa ntchito ina."

Ine ndinkayang'ana nkhope yawo. Maso anali kumpanda wa malata, osaona kanthu, nthawi zina otsinzina, milomo ikuyenda pang'ono. Zonse zinkachitikira kunsonga za zala. Kapaipi kakale katatuluka anakaponyera alamu: kofewa, kotupa, mng'alu wake wosakwana chikhadabo. Anapukuta kamlomo kaja ndi kachidutswa ka sandipepa, kupaka sopo mkati mwa hozi yatsopano, n'kuveka kilampu hoziyo isanalowe, mutu wake atauyang'anitsa kumene soketi idzafike. Mnyamata anatsitsa hozi kuchokera pamwamba, madala akuilandira pansi. "Tsitsa. Basi. Potoza kumanja. Kumanja, iwe!" Inakana, inaterereka, inakananso. Kenako madala anabuula kamodzi, phewa n'kugwedezeka, ndipo inalowa mpaka pothera. Pomanga kilampu analumikiza zitsulo zotalikitsira pa soketi mpaka chogwirira chinatulukira kunja kwa galimoto. Pamwamba anaiyendetsa mosapinda, n'kuikuta ndi chidutswa cha paipi yakale paliponse pamene ingamakhuzane ndi chitsulo. Atadzuka, mkono wawo unali utakalikakalika mpaka m'chigongono, magazi kusakanikirana ndi girisi.

Ntchito siithera pomanga. Anakhuthula madzi a pamjigo aja, ofiira ndi dzimbiri, kutsuka, kuthira kulanti, kutsegula hita mpaka kumapeto, n'kuliza injini chotsekera chili pambali kuti mpweya utuluke. Mnyamata anali pansi ndi tochi kuyang'ana ngati pakudontha. Apa ndi pamene alamu anasiya kulankhula. Tonse tinazungulira pakamwa pa redieta. Thovu loyamba ndi la mpweya wotsalira, limatha. Thovu losatha, lobwera motsatizana injini ikamalira, limatanthauza kuti gasiketi inapsa panjira, hedi ichoke ipite kokasikima, ndipo ndalama zake n'zosayamba. Madala anasolola choyezera oyilo kuona ngati wayera, anapita kumbuyo kukanunkhiza utsi. Themositati itatseguka madzi anatsika, anawonjezera ena, thovu linachepa, kenako zii. "Mwapulumuka, bwana. Mumaimva galimoto yanu."

Atatchula mtengo wa ntchito, alamu anadumpha. "Aa, madala! Kapaipi kakang'ono kameneka?" Alamu omwewa anali atangopereka ndalama za hozi ndi kulanti osafunsa kawiri, chifukwa zinali ndi lisiti. Madala sanakangane nawo, anangotambasula mkono uja. Khalidwe limeneli tili nalo ambiri, ndipo ine silindisangalatsa. Chinthu cha m'katoni chochokera ku Dubai timachilemekeza, koma nzeru ya munthu amene wangoyang'ana dontho n'kudziwa pamene pali bala timaiyesa yaulere. Tikanamvera anyamata a pawindo aja, hedi ikanachotsedwa yosalakwa, pampu yabwino ikanatayidwa, kapaipi kali phee pamalo pake kakudonthabe. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndipo pepala lake lidzamuthandiza mnyamata uja akadzafuna ntchito ya malipiro a pamwezi, koma zimene ndinaona pa katoni paja zimatenga zaka munthu ali chagada pansi pa magalimoto a eni. Madala anatsitsako pang'ono monga mwa mwambo, alamu anawonjezerapo ya sopo ya mnyamata, nkhani n'kutha.

Tayala litabwerera, madala anatsamira pawindo. "Mawa m'mawa, isanalire, muone madzi. Akatsika pang'ono musadabwe, ndi mpweya. Koma mapaipi enawa ndi a msinkhu umodzi ndi kaja, makamaka a pansi opita ku hita ya kumbuyo. Mubwere nayo."

"Kumapeto a mwezi, madala."

"Onse amatero."

Tinatuluka m'kanjira kaja dzuwa litapendeka, Malangalanga atadzaza ndi maminibasi, oitanira akukuwa za ku Kawale, ku 23 ndi ku 25. Muvi wa kutentha unali pakati. Wa mafuta ndiwo unali utagona pansi, ndipo alamu anayamba kuimbira anzawo kufunsa kumene kwatsitsidwa petulo.